Lole ya a Medson Yopanda Sitata

Ikakwana teni koloko a Dumisani ankazimitsa sowo yawo ya injini, ndipo m'munda wa bulugamu uja, kuseri kwa Ngong ukamalowera ku Matasia, munkangoti zii mpaka makutu kuyamba kulira okha. Imeneyo inali nthawi ya tiyi. Amuna atatuwo ankakwera chitunda osayankhulana, aliyense chipika chili paphewa, utuchi uli m'tsitsi ndi m'kolala. Akafika pamwamba ankaponya zipikazo m'lole n'kudzigwetsa pamthunzi pake.

Onse anali Amalawi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera ku Kenya kudzadula nkhuni. A Medson, eni lole, anayendetsa mabwana a bungwe lina zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mpaka tsiku lopuma ntchito, lomwe anawapatsa wotchi ya pakhoma n'kuwaombera m'manja. A Dumisani anabwera kudzaphunzira ubusa, koma anakwatira mayi wa ku Ngong komweko maphunziro asanathe, ana anabwera motsatizana, ndipo sowo ndiyo inayamba kuwadyetsa. Wachitatu anali a Reinford, amene mpaka chaka chathachi anali ndi mpando wozungulira mu ofesi ya m'tauni, akuyang'anira magalimoto a bungwe. Bungwe litatseka, nyumba ya ku Syokimau anaisiya n'kukapanikizana kwa alamu awo ku Donholm. A Medson anawatenga chifukwa kwawo n'kumodzi, ku Ntcheu. Iyi inali sabata yawo yachiwiri, ndipo m'manja mwawo munali matuza okhaokha.

"Tcheni iyi yatha mano," anatero a Dumisani akunola ndi tupa. "Bulugamu wa kuno ali ndi fumbi m'khungwa. Ukanola m'mawa, masana wayamba kutulutsa ufa m'malo mwa utuchi."

"Vuto si tcheni," anayankha a Reinford akutulutsa foni. "Vuto ndi kagwiridwe kathu ka ntchito. Taonani izi. Wanditumizira Arthur, mnzanga uja ali ku Canada."

M'foni muja munali amuna ovala zikhoti zonenepa, akudula mitengo pamalo poyera mbee. Kenako kunabwera chinthu chonga njinga yamoto koma chopanda matayala, chikutsetsereka pachipale, chikukoka mulu wa nkhuni.

"Amati sinomobilo. Mwaona? Kumeneko munthu sasenza chipika. Makina ndiwo amapita pomwe pali mtengo. Ife kuno mitengo ili kuchigwa, lole ili kumwamba, ndiye pakati tayikapo misana yathu."

"Chipale ife tinachionera m'firiji," anatero a Dumisani osatukula mutu.

A Medson anayang'ana foniyo nthawi yaitali atafinya maso. "Nanga chikafera m'tchire chimenechi, amachikankha bwanji?"

"Sichifa, akulu. Si lole yanuyi."

Anaseka onse, koma kuseka kwa anthu otopa, kongotulukira m'mphuno.

Loleyo inalidi yosekedwa. Utoto unachoka kalekale, chitseko cha dalaivala chinkamangidwa ndi waya, ndipo ikamakwera phiri inkatsokomola utsi wakuda mpaka a boda, akabaza a njinga zamoto, kumaitukwana. Koma chilema chake chachikulu chinali chobisika: sitata inafa chaka chatha, fundi wokonza magalimoto anaimasula, ndipo mpaka lero inali isanabwerere. N'chifukwa chake a Medson ankaimika lole pamtsetse nthawi zonse, mphuno yaloza kumunsi, kachipika kali kutsogolo kwa tayala. Pochoka ankangochotsa kachipikako, lole n'kugubuduzika pang'ono, iwo n'kuponya giya, injini n'kudzuka. A Reinford anali asanazionepo zimenezi, poti ankafika lole itafika kale, n'kuchoka msanga kuthawa mzere wa magalimoto wa pa msewu wa Outer Ring.

Kwa a Medson, chidzimbiri chimenechi chinali ulendo wa kumudzi. Nyumba yawo ku Ntcheu inali itaima zaka zisanu yopanda denga. Malata anali ataunjikidwa kuseri kwa chipinda chomwe ankachita lendi, ndipo akazi awo, a Bessie, anali atayamba kale kulongedza mbale m'makatoni. Nkhuni za bulugamuzi zinali za sukulu ina yogonera komweko, ndipo inali ntchito yotsiriza. Ikatha, aike sitata, akweze malata ndi katundu, adutse pa malire a Namanga mpaka pa Songwe. Akafika, loleyo izikanyamula mbatatesi ku Tsangano n'kumawadyetsa pa ukalamba wawo. Nkhaniyi ankainena tsiku lililonse pa tiyi, moti anzawo ankaidziwa mpaka malo omwera mafuta.

Lachisanu m'mawa a Medson anali ndi tsiku la kuchipatala, kokayezetsa shuga. Anabweretsa lole, naimika pamalo pake, n'kudikira a Reinford, poti a Dumisani chiwongolero sankachidziwa.

"Ikadzaza ndisanabwere, mukatule kusukulu," anatero akupereka kiyi. "Koma lole iyi ili ndi malamulo ake. Loyamba, poimika..."

"Akulu, ndadziwa kale. Ine malole makumi anayi ndinkawayendetsa."

"Pakompyuta," anatero a Dumisani chapansipansi akuthira mafuta m'sowo.

"Tandimverani kaye. Sitata yake..."

"Sitata, batire, mabuleki, zonsezo ndadziwa kale. Pitani, mukapeza mzere watalika."

A Medson anali asanadye kanthu chifukwa cha kuyezetsako, ndipo kukangana ndi munthu wophunzira kumafuna mphamvu. Anadziuza kuti a Dumisani alipo, n'kutsika kukakwera minibasi, zomwe kumeneko amati matatu.

A Dumisani anatsikira kuchigwa, sowo inayamba kulira. A Reinford anasenza chipika choyamba, chachiwiri, chachitatu. Pa chachinayi phewa linasupuka, ndipo atafika pamwamba anakhala pansi n'kuyang'ana njira. Kutsogolo kwa lole mtsetse unkagawikana pawiri: njira ina yolowera kumsewu, ina ya ng'ombe yotsikira kukhwawa, komwe kunali mitengo. Anthu a m'foni aja anawabwerera m'mutu.

Anakwera, napotokola kiyi. Lole duu. Apa munthu wina akanatsika kukafunsa. Iwo anangogwedeza mutu n'kunena okha kuti batire yafooka, anachotsa kachipika kaja n'kukaponyera m'tchire, ndipo lole itayamba kugubuduzika anaponya giya. Injini inadzuka. Anadziyamikira kuti luso silikalamba, n'kukhotera njira ya ng'ombe.

A Dumisani, ndi phokoso la sowo, sanamve kanthu mpaka mthunzi wa lole utawagwera. Potembenuka anapeza a Reinford akutsika, kumaso kuli mwee, kiyi akumuzunguza pachala.

"Mwazimitsa?"

"Nanga tizingowotcha dizilo? Taonani, achimwene, lero palibe kukwera chitunda."

A Dumisani anaika sowo pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana kutsogolo kwa lole, kunali khwawa. Anayang'ana kumbuyo, kunali chitunda. Malo omwe loleyo inaima anali athyathyathya, dothi lake lakuda la makande, lomwe chilimwe limang'ambika ming'alu koma likalawa madzi limasanduka phala.

"Lole iyi ilibe sitata, a Reinford. Imadzuka ndi mtsetse basi. Imbirani a Medson pompano, tipeze thirakitala iikoke dzuwa likadalipo. Mapiri aja mwawaona?"

Mapiri a Ngong anali atavala mtambo wakuda, ndipo unali mwezi wa Malichi ukupita kumapeto.

"Palibe galimoto yopanda sitata. Ndi mawaya a batire achita dzimbiri, ndadziwa kale. Tisawavutitse akulu ali kuchipatala. Tiyeni tipakire kaye, zinazo ndikonza."

Apa tinene chilungamo, a Dumisani nawo analakwa. Foni anali nayo m'thumba. Koma msana unali utawawa masabata atatu, ndipo kuponya chipika m'lole yomwe ili pamphuno pako kumakoma. Anati mwina munthu wa magalimoto makumi anayi akudziwadi kanthu. Anapakira, ndipo pofika thu koloko lole inali itadzaza bulugamu wamuwisi mpaka matayala kuphwatalala.

A Reinford anapala mawaya ndi mpeni, napotokola kiyi. Duu. Anaitanitsa wa boda kuti abweretse batire ina kuchokera ku Ngong. Duu. Kenako anagona chagada n'kulowa pansi pa injini ndi tochi ya pafoni, kufuna kuigogoda sitatayo ndi sipanala. Pamalo pake anapezapo bowo, lotsekedwa bwinobwino ndi chidutswa cha chitini cha mafuta ophikira. Anakhala pansi pomwepo nthawi yaitali osatuluka, ndipo dontho loyamba linawapeza miyendo ili panja.

Mvula yake sinali yongowaza fumbi. Pofika faifi koloko nsapato zinkatsalira m'matope, ndipo matayala akumbuyo anali atamira theka. Anayesa kutsitsa nkhuni zija, koma chipika chonyowa chimaterera m'manja, ndipo mphamvu zinali zitathera popakira. Wa thirakitala anabwera m'mawa mwake, anaima pamwamba pa chitunda, n'kupukusa mutu. "Pole sana, mzee," anatero, kutanthauza kuti pepani, koma yake sangaitsitsire kumeneko kuti zimire ziwiri.

A Medson anali ataima pomwepo, atafunda pepala la pulasitiki. A Dumisani ndiwo anawaimbira dzulo lake madzulo. M'manja anali atagwira kachipika kaja, anakatola m'tchire pofika. Kumunsi khwawa linali litasefukira, madzi ofiira akulowa pa chitseko chomangidwa ndi waya chija n'kutulukira mbali inayo.

A Reinford anakwera chitunda, matope mpaka m'ntchafu, naima patali pang'ono.

"Akulu," anatero. "Sindinadziwe."

A Medson sanakalipe. Mwina kukalipa kukanakhala bwino. Anangowayang'ana ndi maso ofiira a munthu amene sanagone.

"Mawu amenewo ndi abwino, a Reinford. Mukanawanena dzulo m'mawa, bwenzi mwezi wamawa ndikukhoma malata kwathu."

Mvula inagwa masiku asanu ndi anayi. Madzi ataphwa, fundi anatsika n'kutsegula injini, napeza matope mpaka m'kati mwenimweni. Anati kuikonza kungapose kugula lole ina, ndiponso pansi sipauma mpaka Juni. Sukulu ija sikanadikira, ana amadya tsiku lililonse, choncho inapeza wina wa nkhuni. Mwini munda naye anayamba kufunsa kuti chidzimbiricho chichoka liti m'khwawa mwake.

Chinachoka, koma osati ndi matayala ake. Anabwera anthu ogula zitsulo zakutha, anaidula loleyo ndi moto, zidutswa n'kumakwera chitunda pa ngolo za abulu. Nkhuni zija a Reinford anazisenza okha, chipika chimodzichimodzi, kudutsa njira yomwe ankaithawa ija, koma tsopano yoterera. Palibe amene anawatuma, ndipo palibe amene anawaletsa. Pa nthawi ya tiyi foni sinkatulukanso m'thumba. A Dumisani ankanola tcheni yawo, nawonso osatha kuyang'ana a Medson m'maso.

Malata anagulitsidwa kwa munthu wina wa ku Ngong, poti basi sinyamula denga. Mbale zambiri a Bessie anazigawa kwa anzawo a kutchalitchi. Tsiku lonyamuka, zaka makumi awiri za ku Kenya zinakwana m'zikwama zitatu, ndipo a Reinford ndiwo anazinyamula mpaka pokwerera basi. Chimodzi chinali chotsegula pang'ono, ndipo pamwamba pa zovala panali kachipika kaja, kakuda ndi mafuta, kosalala mbali yomwe tayala linkatsamira.

"Kameneka n'kachiyaninso, akulu?"

"Mwayamba kufunsa tsopano," anatero a Medson akukwera. "Ndi lole yanga. Yatsala imeneyi."

Basi inanyamuka, kupita nawo ku nyumba yomwe mvula inkagwerabe m'kati. A Reinford anatsala ataimirira, mapewa ali zilonda, kiyi wa lole akadali m'thumba mwawo poti panalibe womufunanso. Munthuyu sanali woipa mtima, ndipo sukulu anapitadi. Chinamusowa n'kutseka pakamwa kanthawi kochepa, mkulu atsirize mawu ake. Lole anailowetsa bwino kuchigwa, koma za potulukira sanafunse, ndipo akale sananame pamene anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.