Mbawala ndi Lamulo la Nyanga

Padangokhala, ana anga, m'masiku amene nyama zidali ndi boma laolao, la maofesi ake ndi bwalo lake la milandu.

Chaka china moto wolusa udapsereza dambo lonse. Boma lidati pakufunika mlonda wa moto, woti azikhala pamwamba pa phiri m'chilimwe, kuyang'ana utsi, n'kumakuwa nyama zisanapse. Idali ntchito yabwino, ya malipiro ake ndi ulemu wake. Wolemba antchito a boma nthawi imeneyo adali Mbawala, bambo wa ana awiri: mnyamata dzina lake Dzoole, ndi kamtsikana koyamwa dzina lake Namawanga.

Aliyense ankadziwa kuti ntchitoyo ikuyenera Mbira. Mbira amakhala pamwala tsiku lonse, maso ali kutali. Koma Mbawala ankafuna kuti ikhale ya Dzoole. Adayang'ana Mbira, adayang'ana Dzoole, kufunafuna chimene mwana wake ali nacho koma Mbira alibe. Adachipeza pamutu.

M'mawa mwake adalengeza kuti, "Wofuna ulonda wa moto akhale ndi nyanga."

Mbira adabwera ku ofesi. "Achimwene, kodi moto munayamba mwaugunda ndi mutu?"

"Lamulo ndi lamulo, a Mbira. Mukamera nyanga mubwere."

"Mchira ndinausowa kale, lero mwandipezera chosowa china. Tikaonana kwa a Nang'omba."

Nang'omba ndiye adali woweruza, chimbalame chakuda cha pakhosi pofiira, choyenda pang'onopang'ono ngati pansi pali mazira. Tsiku la mlandu nyama zidadzaza pabwalo.

"Tamverani nonse," adatero Nang'omba. "Bwalo lino sililemba antchito. Bwalo limangoyeza lamulo, kuona ngati lili ndi chifukwa chomveka. A Mbawala, nyanga zigwira ntchito yanji pa ulonda wa moto?"

Mbawala adali atakonzeka. "Bwana woweruza, mlonda akaona moto amathamanga kukachenjeza anzake. Njira ya kuphiri ndi ya minga yokhayokha. Wanyanga amatsegula njira, wopanda nyanga amakodwa."

"Ine ndimadutsa kunsi kwa mingayo," adatero Mbira.

"Nanga nthambi yoyaka ikagwera panjira, a Mbira aichotsa ndi mano?"

Nyama zidaseka. Nang'omba sadaseke.

"A Mbawala, lamuloli ndikalivomereza, lakhala. Mwaganizirapo onse amene likuwatsekera kunja?"

"Ndaganizira, bwana."

"Onse?"

"Onse, bwana."

Mkazi wa Mbawala, amene adakhala kumbuyo akuyamwitsa mwana, adaweramitsa mutu. Mbawala sadacheuke. Maso ake adali pa Mbira.

Nang'omba adausa moyo. "Lamuloli silikundisangalatsa. Koma kusandisangalatsa si mlandu. Chifukwa chaperekedwa, ndipo si chamisala. Likhale."

Mbira adachoka pabwalo. Adatenga banja lake nasamukira kumapiri ena, ndipo Dzoole adakwera phiri.

Dzoole phirilo sadalikonde. Kunali mphepo, kunalibe ocheza nawo. Amene adalikonda ndi Namawanga. Atakula pang'ono ankapita kukapereka chakudya kwa mlongo wake, n'kumakhalako mpaka dzuwa kupendeka. Adaphunzira yekha kusiyanitsa utsi: woyera ndi wa udzu, wakuda ndi wa bango, wopyapyala wokwera chilili ndi wa anthu ofula njuchi, wosaopsa. Nthawi zambiri woyamba kuona adali iye, Dzoole n'kungokuwa. Mbawala akamva zimenezi mtima unkakhala m'malo. Ankauza mkazi wake kuti, "Mwana uyu watengera maso a malemu amayi anga."

Zaka zidapita. Mbawala adapuma pa ntchito, ndipo pampando pake padakhala Njati, mwini ana aamuna ambiri, onse a nyanga zopindika. Kenaka Dzoole adapeza mkazi kutsidya kwa mtsinje, napita chikamwini. Paphiri padasowa mlonda.

Namawanga adalawirira kupita ku ofesi ya Njati, atasamba mawanga ake onse akuwala. Dzuwa lisanakwere adali atabwerako.

"Ababa, akuti ndilibe nyanga."

"Zimera, mwanangu, ukadali wamng..."

Mbawala adakweza maso. Adayang'ana mutu wa mwana wake. Adayang'ana mutu wa mkazi wake, amene adakalamba naye m'nyumba imodzi. Mbawala yaikazi simera nyanga. Izi ankazidziwa chibadwire, koma tsiku lija pabwalo ankangoona Mbira.

Adathamangira kwa Nang'omba kukasuma, ndipo nyama zidadzazanso pabwalo.

"Bwalo lino sililemba antchito," adatero Nang'omba, mawu atayamba kunjenjemera ndi ukalamba. "Bwalo limangoyeza lamulo. A Mbawala, nyanga zigwira ntchito yanji pa ulonda wa moto?"

"Sizigwira ntchito iliyonse, bwana."

Njati adaimirira mosafulumira. "Bwana woweruza, ine sindidziwa kulankhula ngati akuluakulu amene ndidawalowa m'malo. Ndingofunsa zimene ndidamva pabwalo pompano. Nthambi yoyaka ikagwera panjira, mtsikanayu aichotsa ndi mano?"

Nyama zidasekanso. Mbawala adamva ngati wina wamuthira phulusa lamoto pamsana. Adaona Namawanga akuyang'ana pansi, makutu atagwa.

"Mawu amenewo ndi anu, a Mbawala," adatero Nang'omba. "Bwalo silitembenuza chigamulo chifukwa choti amene adapambana wayamba kumva kuwawa. Wosintha lamulo ndi amene amalemba antchito, ndipo pampando umenewo simulipo."

"Bwana, mwanayu sadalakwe kanthu."

"Ngakhale Mbira sadalakwe kanthu." Woweruza adatembenukira kwa mtsikanayo. "Iwe mwana, ukadzabwera ndi dandaulo lakolako, ndi mboni zoona ntchito yako, ndidzakumvera. Koma milandu yandichulukira, udzu wauma kale, ndipo phiri silingadikire."

Pobwerera, Mbawala adapatuka panjira. Namawanga adamupeza akugunditsa mutu pamwala, kamodzi, kawiri, magazi atayamba kutsikira m'maso.

"Ababa, mukutani?"

"Ndithyole imodzi. Ndikumangirira pamutu ndi luzi, ukaonetse a Njati."

"Ndiye ndikamathamanga izikagwa panjira, ndiziima n'kumatola?" Adaseka pang'ono, koma atate ake kuseka kudawakanika. Adawanyambita pachilonda. "Lekani, ababa. Nyanga zobwereka sindikuzifuna. Ndidzapita ndekha kwa a Nang'omba, ngakhale kudikira kutalike. Tiyeni kunyumba, amayi akudikira."

Ntchito idapita kwa mwana wa Njati, mnyamata wamphamvu koma wa maso ofupika.

Chilimwe chimenecho Namawanga ankakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, popanda malipiro, popanda womutuma. Atate ake ankaima m'munsi mwa chulu. Tsiku lina masana Namawanga adati, "Ababa, wakuda uwo, wa bango. Mphepo ikuubweretsa kuno."

Onse awiri adatchera khutu kuphiri. Kuphiri kudali zii.

Mbawala adayamba kuthamanga ndi miyendo yake yokalamba, khomo ndi khomo, kudzutsa anzake. Njira idali ya minga, ndipo nyanga zake zinkakodwa pachitsamba chilichonse.

Ana anga, pomanga mpanda wotsekera ana a anzako, uyambe waona mbali imene ako aima.