Kaligo wa a Yotam Ali M'galasi

Amene adawalakwira a Yotam ndi mkamwini wawo Gibson, m'mwezi wa Julaye 2019, m'nyumba ya mwana wawo Jacinta ku Wheaton.

A Yotam adabwera ku Amereka ndi tizovala tochepa ndi kaligo. Kaligoyo adapanga ndi malemu mkulu wawo ku Ntchisi: chikopa cha ng'azi, chingwe cha khonje, uta wansungwi. Ana akapita kuntchito yawo yosamalira odwala, nkhalambayo inkaika chikopa padzuwa kuti chikungike, kunyowetsa uta ndi malovu, n'kuyamba kukwecha. M'kulira kwa chingwe chimodzicho ankamvamo mkulu wawo, mpaka katsokomola kake asanayambe nyimbo.

Tsiku lina Gibson adafika mano ali poyera.

"Adadi, ku Fairfax kuli mzungu wosonkhanitsa zoimbira zakale za kumapiri kwawo. Akufuna aone kaligo wathu. Wikendi imodzi basi."

"Wathu? Mudayamba liti kuimba inu?"

"Aa, musatero adadi. Lolemba ndibweza."

Jacinta adawatsina khutu: "Musapereke. Awa akabwereka ambulera amabweza ndodo."

Koma mtima wa nkhalamba unkalakalaka kuti dzina la mkulu wawo limveke kwa azungu. Adapereka.

Lolemba lidadutsa. Chisanu chidagwa n'kusungunuka. Atapanikizidwa, Gibson adaulula kuti adapereka kaligo ngati mphatso.

"Kumeneko asungika bwino, adadi. Kuno mukadzatisiya, adzukulu anuwa adzangotaya kudzala."

Jacinta adawatengera a Yotam ku Fairfax, kunyumba yoonetseramo zinthu zakale ya mzungu uja. Adapeza kaligo m'galasi pakati pa zoimbira zachizungu, chingwe chitakhwefuka, ndipo pansi pake padalembedwa dzina la Gibson. La mkulu wawo panalibe. A Yotam adatambasula dzanja, mtsikana wolondera nkuti sizigwiridwa.

"Muuze," adatero kwa Jacinta, "chinthu ichi chikapanda kuimbidwa chimafa."

Jacinta adamasulira. Mtsikanayo adamwetulira, nkuti zimenezo n'zosangalatsa kwambiri.

Masiku ano a Yotam amakhala pawindo, zala zikuyenda zokha pa ndodo yawo yoyendera. Nyimbo zina mawu ake ayamba kuwathawa, ndipo wowakumbutsa palibe. Akuluakulu sadaname: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Gibson amadya nawo patebulo limodzi. Kaligo akadali m'galasi ku Fairfax.