Mbatata Imene Inaphukira Kuseri kwa Mtsuko

Panali bambo wina amene mkazi wake anamwalira, n'kumusiyira mbatata imodzi yokha ya mtundu umene mayiyo ankalima: yofiira kunja, yachikasu m'kati, yosapezeka pamsika. Inali itagwera kuseri kwa mtsuko. Mvula itayandikira, bamboyo anaipeza itatulutsa mphukira zisanu ndi imodzi.

Iye mbatata ankangodziwa kudya, kubzala ayi. Tsiku ndi tsiku ankainyamula, kuitembenuza, kudabwa kuti chinthu chopanda dothi chikukula ndi chiyani. Koma ankadziwa kuti imeneyi ikafa, mtundu wa mbatata ya mkazi wake watha.

Mlamu wake, mng'ono wa malemuyo, atabwera kudzamuona anati, "Alamu, ikwirireni pachinyezi. Mphukira zikatalika kuposa chikhatho muzithyole, mukabzale pamzere, iliyonse payokha."

"Kuthyola? Pa mayi wake, mbatatayi, pali chakudya. Kumzereko zikadya chiyani?"

"Zikafuna zokha."

Bamboyo sanakhulupirire, komabe chidwi sichinamusiye. Nthawi itakwana anathyola zitatu n'kukazibzala patali. Zitatu zinazo anazisiya pa mayi wake.

Zothyoledwazo zinafota, zinagona pansi sabata yathunthu, ndipo iye anamunyoza mlamu wake chamumtima. Zotsala zija zinayanga masamba obiriwira, moti odutsa ankaima kupempha kholowa wa ndiwo.

Nthawi yokumba anayamba ndi zonyaditsazo. Khasu linatulutsa timizu tonga michira ya mbewa. Mayi wa mphukira uja anali atayamwidwa, kutsala khungu lokha. Atapita kumzere kuja anapeza dothi litang'aluka, ndipo mbewu zitatu zokhazo zinadzaza dengu.

Anakhala pansi pomwepo, misozi ili mbwe. Anaona kuti akanazimvera chisoni zonse, akanataya zonse.

Tsono inu makolo a mkwati ndi a mkwatibwi, ndamva kuti ena mwazira kale chipinda kuseri kwa nyumba yanu, mukuti ana asakavutike. Chifundo chimenecho ndikuchidziwa. Nanenso ndine kholo, ndipo tsiku limene wanga anachoka chakudya chinandikanika. Koma aloleni apite. Akafota ndithu, ndipo mbiri yake idzakupezani. Musathamangire kukawazula. Mwana amene akuyamwabe kwa inu alibe chifukwa chozamitsira mizu yake, ndipo inu mudzatha iye asanabereke kanthu.