Tsitsani Thanga, Ponyani Chingwe

Panali mwamuna wina, abale anga, amene ankakhala m'mbali mwa nyanja yamchere. Anali ndi ngalawa yake ya thanga, yoyenda ndi mphepo, ndipo ankainyadira kuposa mmene ena a inu mumanyadira njinga zamoto zija. Akanyowetsa chala ndi malovu n'kuchiimika m'mwamba, basi, wadziwa kale kolowera.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti mwana wake wamkazi, amene anakwatiwa ku chilumba chakutali, wabereka. Mkazi wake madzi ankawaopa chibadwire, koma tsiku limenelo anatenga mbereko yatsopano n'kukwera yekha osakankhidwa. Amvekere, "Tiyeni bambo, ndikamuone mdzukulu wanga ndi maso angawa."

Anayenda masiku awiri, mayiyo ali chigonere pansi, osadya. M'mawa wa tsiku lachitatu chilumba chinaonekera. Ha, kukongola kwake! Mchenga woti mbee, mitengo ya kokonati ikuweyuka, madzi oyera moti nsomba umachita kuziwerenga. Koma polowera padoko panali matanthwe obisala pansi pa madzi, ndipo njira yake inali yokhotakhota. N'chifukwa chake anthu akumeneko anali ndi mwambo wawo: mlendo salowa thanga lili m'mwamba. Amalitsitsa, eni ake n'kumukoka ndi chingwe.

Kunabwera nkhalamba ina ikupalasa kabwato kakutha. Inati, "Takulandirani alendo athu! Tsitsani thanga, ponyani chingwe kuno."

Mwamuna uja zinamuwawa. Zaka makumi atatu panyanja, lero alowe chokokedwa ngati mbuzi yopita kumsika, anthu onse akuonerera? Mphepo inali yabwino, doko nalo lili pomwepo. Anagwira chiwongolero n'kulimbitsa. Koma atacheuka anaona mkazi wake atakumbatira mbereko ija, maso ali kumtunda, kumene mwana wawo anaima akukweza kakhanda m'mwamba kuti akaone.

Bambo uja anali wamakani, inde, koma mkazi wake ankamukonda kuposa dzina lake. Anamasula thanga, anaponya chingwe, nakhala pansi. Ali m'kukokedwa anasuzumira m'madzi, ndipo anaona matanthwe akuthwa akudutsa uku ndi uku, ena patali mkono umodzi wokha. Thukuta linangoti kamukamu. Atafika padoko, mkazi wake anaponda mchenga n'kulandira khanda lija ndi nthungululu.

Abale anga okondedwa, nzeru zanu ndi mphamvu zanu zakufikitsani patali, sindikukana. Koma khomo la kwa Mulungu sitilowa ndi liwiro lathu ayi. Njira yake amaidziwa ndi Yesu yekha, ndipo iye amabwera modzichepetsa moti ukhoza kumunyoza. Akanena kuti ponya chingwe, ponyani, ngakhale anthu akuseke. Kumbukirani kuti m'ngalawamo simuli nokha: mukakakamira makani, omira nanu ndi omwe mumawakondawo.