Mlendo wa mu Mtsuko wa Nankhoma

Kalekale, mvula isanayambe kunamiza anthu, kunali bambo wina dzina lake a Dzimbiri. Sendera kuno, umve bwino.

Mkazi wawo Nankhoma anali woumba mbiya. Ankaumba, nagulitsa. Ankaumba, nagulitsa. Koma mtsuko umodzi anaukaniza. Anaubowola kunsi, nathiramo dothi, nabzalamo chitsamba cha maluwa ofiira, nauika pakhonde.

Chaka china Nankhoma anadwala, namwalira. Mwezi usanathe, chitsamba chija nacho chinauma gwa.

Koma a Dzimbiri osasiya kuthirira. M'mawa, chikho cha madzi. Madzulo, chikho cha madzi. Chilimwe chonse chimodzimodzi.

Anthu ankaseka. "Akuluwa mutu wazungulira. Akuthirira nkhuni."

Iwo osaleka. M'mawa, chikho cha madzi. Madzulo, chikho cha madzi.

Mvula yoyamba itagwa, mumtsuko munatuluka kamphukira. A Dzimbiri anathamangirapo. "Chadzuka," anatero. "Chitsamba cha Nankhoma chadzuka."

Kanakula, kanakula, mpaka kufika m'chiuno mwa munthu. Duwa lofiira ayi ndithu.

Tsiku lina kunabwera mwana wawo Tiyanjane, amene anakwatiwa kutsidya kwa mtsinje. Anayang'ana masamba, napukusa mutu.

"Ababa, ichi si chitsamba cha amayi. Chija masamba ake anali osalala. Awa ndi okhakhala, m'mphepete ngati mano a sowo. Ndipo onani, mizu yayamba kung'amba mtsuko. Zulani msanga. Pa mbiya zonse za amayi, watsala ndi womwewu."

Mng'alu unalipodi, woonda ngati ulusi.

"Mwanawe," anatero a Dzimbiri, "sindingazule chinthu ndisanamve dzina lake. Ndiyambe ndafunsa."

Anathothola tsamba, napita kwa Mbuzi. "Mbuzi, mtengo uwu ndi mtengo wanji?"

Mbuzi inatafuna, inatafuna, nimeza. "Kukoma ndiye likukoma. Dzina sindilidziwa. Muli ndi lina?"

Mbuzi ndi choncho, umboni imadyeratu.

Anapita kwa Njuchi. "Njuchi, mtengo uwu ndi mtengo wanji?"

"Ine mtengo ndimaudziwira ku maluwa. Ukadzachita maluwa mudzandiitane."

Anapita kwa Chiswe. "Chiswe, mtengo uwu ndi mtengo wanji?"

"Ine wauwisi sindiudziwa. Ukadzauma mudzandiitane."

A Dzimbiri anabwerera kunyumba manja lende. Mng'alu uja tsopano unali wolowa chikhadabo.

Atakhala pakhonde, dzanja lili patsaya, panatera Pumbwa, mbalame ija yamutu wakuda yosatha kukhala chete.

"Mwazungulira mudzi wonse, ine osandifunsa?"

"Iwe ungadziwe chiyani?"

"Onani pamlomo pa mtsuko."

A Dzimbiri anawerama. Panali madontho akale a zitosi, ofiirira moderako.

"Zanga zimenezo," anatero Pumbwa, wopanda ndi manyazi omwe. "Chilimwe chija madzi anasowa paliponse. Koma inu mukathirira, timadzi tinkadikha pamwamba pa dothi. Ine ndinkadya mabulosi kudambo, n'kudzamwa pano. Njere imodzi inatsala m'chitosi. Inu munaithirira. Umenewu ndi mtengo wa mabulosi."

A Dzimbiri anayang'ana mtsuko uja. Kenaka misozi. "Ndiye kuti cha Nankhoma chinapitadi."

Zinawawawa, mwanawe. Zinawawawa ngati maliro achitika dzulo.

"Chinapita," anatero Pumbwa. "Koma uwu uli moyo. Mumtsuko sukhalitsa, ukufuna nthaka."

Tiyanjane anagwira tsinde kuti azule. Mizu inali itadzaza mimba ya mtsuko, khosi lili laling'ono. Kukoka, mizu iduka. Kuusiya, mtengo ufa ndi kupanikizika. Chimodzi chinayenera kupita, mtsuko kapena mtengo.

A Dzimbiri anatola mwala.

"Ababa, musatero." Tiyanjane anawagwira mkono.

"Mwanawe, amako sankaumba mtsuko woti tizingouyang'ana. Ankaumba woti ugwire ntchito. Uwu wasunga mwana wa eni chaka chathunthu. Ntchito yake wamaliza."

Tiyanjane analira, kenaka anawasiya mkono.

Phwa! Mtsuko pawiri.

Anakumba dzenje pabwalo, bambo ndi mwana wake. Anaikamo mtengo ndi dothi lake lomwe, nakwirira, napondaponda.

Mvula inagwa, inapita. Inagwanso, inapita. Chilimwe chotsatira nthambi zinada bii ndi mabulosi.

Ana a m'mudzi monse anathamangira kwa a Dzimbiri. Milomo yakuda, zala zakuda, malaya akuda. Bwalo limene linali zii chifereni Nankhoma linadzaza phokoso. Aja ankati "akuthirira nkhuni" anayamba kutumiza ana ndi timbale. Ena kubwera okha, kunamizira kudzapereka moni.

A Dzimbiri sanamane munthu. Ankangokhala pamthunzi, mdzukulu pamwendo, akuseka mpaka kutsokomola.

Wamva, iwe? Chikamera chachilendo pakhomo pako, usathamangire kuzula. Yamba wafunsa dzina lake. Ndipo ukamasamala chinthu ndi mtima wonse, anthu aseke aseke. Mwina chimene ukuthiriracho sichidzadzuka, koma madziwo alipo amene akumwa.

Yanga nthano ndiye yathera pomwepo.