Mbewa ya Khutu Long'ambika

Kalekale, msewu tikuyendawu usanalambulidwe, kunali mayi wina dzina lake Nachisale. Tadeyo mphwanga, leka kaye kunyinyirika kuti mpani wa mbewa wagula pazenerawo wakudulira. Ugwire bwino, umve.

Chaka china mbewa zinamulowera Nachisale m'nkhokwe. Zinadya, zinadya, mpaka kusiya zitsononkho zokhazokha. Tsiku lina Nachisale anapezamo yaikulu, naiponyera mpeni. Inathawa, koma khutu litang'ambika.

Nkhokwe itangouma, kunafika mthenga.

"Mwana wanu Ndaziona, uja ali kuchitengwa kuseri kwa mapiri, wabereka. Koma sakudya. Mkaka sukutuluka, khanda likungolira. Akuitana inu."

Ulendo wake unali wa masiku asanu ndi awiri, ndipo kamba analibe. Anali ndi kamphika, kamchere kofundika pansalu, ndi chibangiri chimodzi chamkuwa.

Anafika pamphambano pamene anthu a madera osiyanasiyana ankadikirira apaulendo, aliyense ndi chakwawo.

"Usipa wouma wa kunyanja uwu, mayi," anatero woyamba. "Chibangiricho, dzanja limodzi."

"Dzanja limodzi? Mwandiyesa mphaka?"

"Mbatata yootcha ya kumapiri," anatero wina. "Imakhala m'mimba ngati mwala."

Nachisale anainyamula, naibweza. "Isanafike m'mimba iyamba yakhala pamutu panga ngati mwala."

Kenaka mayi wa kudziko la nthochi anavundukula lichero. Zitumbuwa zofiira, zotentha, fungo lokoka munthu ndi mphuno.

"Tengani lichero lonse, amnzanga. Nazi ndi ziwiri za basela."

Njala ili ndi maso aakulu, mphwanga. Nachisale anavula chibangiri, akudziona ngati wochenjera woposa onse.

Anayenda, anayenda. Tsiku loyamba anadya akuimba. Lachiwiri anadya ali chete. Lachitatu zitumbuwa zinachita chuku. Lachinayi ngakhale nyerere zinkazilambalala.

Lachisanu, dzuwa lili paliwombo, miyendo inakana. Anagwa pamunda wina wokololakolola, pamene moto wa lupsa unali utangodutsa ndipo chitsa chimodzi chinali kufukabe. Analira mayi uja. Sankalirira mimba yake, ankalirira mwana amene ankamuitana.

"Mayi, mwandiiwala?"

Anadzutsa mutu. Patsogolo pake panali mbewa yaikulu, ya khutu long'ambika.

"Iwe. Wanditsatira kudzanditsiriza?"

"Tayang'anani kumbuyo."

Anacheuka. Ine ndikafika pamenepa, tsitsi limandinyerenyetsa. Njira yonse imene anadzera inali kuyenda yokha, bii, kuchokera pamapazi ake mpaka kumene maso analekezera. Zinali mbewa, zondondozana, popanda ndi imodzi yomwe yolira.

"Uthenga uja tinaumva tili pansi pa nkhokwe," inatero mbewa. "Chimanga chanu sichinatayike, mayi. Chinangomera miyendo. Tabwera nacho."

Nachisale, amene poyamba ankaitchula kuti iwe, tsopano anati, "Mukutanthauza chiyani, inu akuluakulu?"

"Mutitumbule. Mutiphike ndi mchere wanuwo. Mutiyanike pamoto, mutipanire pansungwi. Tikatero sitichita chuku, ndipo sitilemera."

"Sindingathe."

"Mutha, poti mwana akudikira. Koma mumve bwino. Mutu musadule. Mchira musadule. Ubweya musawaule. Wotidya aziona nkhope ya amene wamudyetsa. Ndipo yoyamwitsa muziisiya, nayonso ili ndi wake woitana. Tsopano tsinzinani."

Anatsinzina. Anamva ngati mphepo ikudutsa m'mapesi. Atatsegula maso, njira inali mbee. Pafupi ndi chitsa chofuka chija panagona mbewa khumi, zitafola bwinobwino, zosapuma.

Anatunga madzi pakhwawa. Anatumbula, anaphika, anayanika. Anang'amba nsungwi, napanira, namanga ndi luzi. Zonsezi ankachita misozi ili m'maso, nkhope zake osaziyang'ana chifukwa cha manyazi.

Anadya imodzi, miyendo inabwerera. Anadya ina, phiri linafupika. Anayenda, anayenda, mpani uli m'manja ngati ndodo ya mwana. Kanthu kakang'ono, konyansa m'maso, koma kamodzi kokha kankamuyendetsa kuyambira m'mawa mpaka masana.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri analowa m'mudzi muja atatsala ndi imodzi.

Ndaziona anali gone pamphasa, mafupa okhaokha. Apongozi ake anali atayesa phala, atayesa msuzi wa nkhuku, zonse ankakana. Khanda linali litaleka kulira mokweza, linkangotsegula kukamwa.

"Ndafika, mwana wanga."

Ndaziona anatembenuka pang'onopang'ono. "Amayi, chikununkhira kwathu n'chiyani?"

Nachisale anamasula luzi, nasolola mbewa yotsala ija. Ndipamene anaiyang'ana kumaso. Khutu lake linali long'ambika.

Iye ankayesa kuti yaikuluyo inangolamula zinzake, n'kubwerera kwawo monga achitira olamula. Ayi ndithu. Inagona nawo pamzere.

"Nanunso?" ananong'ona.

Anaiika pansalu. Anagwada mayi wamkulu uja, apongozi akuona, naombera mbewa m'manja katatu ngati akulonjera mfumu. Kenaka anaipereka kwa mwana wake.

Ndaziona anadya. Anadya mutu, anadya mchira, osasiya kanthu. Anapempha madzi. Anapempha phala lija ankakana. Dzuwa lisanapendeke, khanda linali pabere, likumeza.

Atabwerera kwawo, Nachisale ankati akakolola, amakumba mbewa m'munda, yoyamwitsa n'kuisiya mu una mwake. Ankaima m'mbali mwa njira atakweza mpani m'mwamba. Apaulendo ena ankanyinyirika ngati iweyo.

"Tinthu tating'ono chonchi, mtengo wonsewu?"

"Mukupita kuti, bambo?" ankawafunsa. "Mukafike kaye, mudzandiuze pobwerera."

Pobwerera ankagula iwiri. Anthu a kuchigwa kuno anaphunzira kwa iye, ndipo mpaka lero kunyanja kuli usipa wawo, kumapiri mbatata yawo, kwa nthochi zitumbuwa zawo, ife mbewa zathu zamitumitu.

Ndiye kamba samugula ndi maso, Tadeyo. Amamuyeza ndi mtunda umene wakufikitsa. Ndakuona ukuti uthothole mutuwo uponye pazenera. Usatero. Iyang'ane kaye kumaso, uone makutu ake, kenaka udye yonse.

Nthano yanga ndiye yathera pomwepo.