Mbira za Misana Yofiira

Panali mayi wina, mlonda wa nyama paphiri lina la miyala. Paphiripo pankakhala mbira. Chaka china mvula inavuta, ndipo anthu a m'munsi mwa phirilo anapempha chilolezo chosaka mbirazo kuti apezeko ndiwo. Akuluakulu a ku ofesi anati ayambe adziwa kuchuluka kwake. Zikakhala zambiri, anthu asake. Zikakhala zochepa, ayi. Choncho anatumiza mayi uja kukaphunzira kawerengedwe ka nyama zakutchire.

Mphunzitsi wake anabwera ndi dengu la nyemba. Anatapamo nyemba makumi awiri, nazipaka utoto, nazibwezera m'dengumo n'kusakaniza. Kenako anatapanso makumi awiri. Mwa izo, zisanu zinali za utoto.

"Pa nyemba zinayi zilizonse, imodzi ndi ya utoto," anatero mphunzitsiyo. "Ndiye kuti zimene ndinapaka zija ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a dengu lonse. Muno muli nyemba pafupifupi makumi asanu ndi atatu."

Mayi uja anayang'anitsitsa m'dengumo. "Aphunzitsi, bwanji osangokhuthula n'kuwerenga?"

"Phiri lanu lija mungalikhuthule?"

Mayi uja anapitiriza kumvetsera. Zina anamva, zina zinamudutsa, koma analoweza njirayo nabwerera kuntchito.

Iye ndi mnzake wapantchito, bambo wachikulire, anatchera makola a waya naikamo masamba a mbatata. Anagwira mbira makumi atatu. Mbira ikagwidwa imaluma, choncho ankaipanikiza khosi ndi mphanda, n'kuipaka utoto wofiira pamsana uku ikulira, n'kuiponya uko. Patapita masiku anatcheranso, nagwiranso makumi atatu. Ya utoto inali imodzi yokha.

Mayi uja anawerengetsa monga anaphunzirira. Masamu anati paphiripo pali mbira mazana asanu ndi anayi. Anafufuta nayambiranso. Yankho lomwelo. Mutu unamuima. Phirilo linali laling'ono, loti munthu n'kulizungulira dzuwa lisanatenthe. Mbira zonsezo zimagona pati? Nanga zitosi zake zili kuti? Kodi utoto unasuluka? Kodi ziwombankhanga zinatola za utoto zokhazokha poti zimaonekera patali? Kapena iyeyo ndiye sanamve bwino kusukulu kuja?

Anatchera kachitatu. Tsopano masamu anati mazana atatu. Phiri lomwelo, mbira zomwezo, mayankho awiri.

"Achemwali, masamu sanama," anatero mnzake uja. "Ingosankhani nambala imodzi mukapereke. Zonse ziwiri n'zazikulu, ndipo anthu ali ndi njala."

Zinali zoona. Anyamata a kumudzi anali atayamba kale kufika ndi agalu m'munsi mwa phiri, kudzafunsa tsiku loyamba kusaka.

M'mawa mwake mayi uja anatcheranso makola, koma sanachoke monga ankachitira. Anabisala kuseri kwa mwala ndi magalasi oonera patali. Dzuwa litakwera mbira zinatuluka kukaothera. Za utoto zinalipo, zambiri ndithu, misana ili psuu pamwamba pa thanthwe. Palibe ndi imodzi yomwe inatsika. Zinkangoyang'ana makolawo zili patali. Imodzi yopanda utoto inatsetsereka, nilowa m'khola, chitseko n'kugwa.

Apo m'pamene anazindikira. Masamu aja ankayesa kuti mbira yogwidwapo kale imabwera kukhola mosavuta ngati inzake. Koma za utoto zija sizinasowe chifukwa chomira m'gulu lalikulu. Zinkakumbukira mphanda. Mwina mbira zonse sizinkapitirira zana limodzi. Mwina zinkapitirira. Anatsika phirilo ali wosokonezeka kuposa mmene anakwerera, napita ku ofesi.

"Bwana, nambala ndilibe," anatero. "Ndinali nazo ziwiri, koma zonse n'zolakwika. Mundipatse nthawi ndiyambirenso ndi njira yosaopseza nyama."

Bwanayo anakwiya. "Tinakutumizani kusukulu kuti mudzatiuze kuti simukudziwa?"

"Lero sindikudziwa, bwana."

Chilolezo sichinatuluke chaka chimenecho. Anthu a kumudzi anamuda mayiyo, ena mpaka anasiya kumupatsa moni, pakuti njala yawo inali yeniyeni. Koma agalu sanakwere phirilo.

Inu amene mumalandira anthu, kaya m'kalasi, kuchipatala kapena kutchalitchi, tcherani khutu. Mukamaona nkhope zatsopano tsiku ndi tsiku, zakale zija osazionanso, musafulumire kukondwa kuti anthu achuluka. Yambani mwadzifunsa mmene munawagwirira aja anabwera poyamba. Mwina sali kutali. Akukuonani, koma sakufuna kubweranso.